Jekete Yonyowa ya a Leander

M'mawa wina wa mwezi wa Novembala, a Leander Knickle atadzuka anapeza kadziwe ka madzi pansi pa msomali wa kukhitchini, pomwe pankapachikidwa jekete yawo yakale yoyandamitsa munthu panyanja. Anayang'ana kudenga, denga louma. Anakhudza khoma, khoma louma. Atagwira jekete ija anangomva kuti zii m'manja, madzi n'kuyamba kutsetserekera m'zigongono. Jekete imeneyo inali isanakhudze madzi kwa zaka pafupifupi makumi asanu.

M'kadoko kathu kano ka ku Nova Scotia panalibe wosaidziwa jeketeyo. Ndi imene inawasunga pamwamba pa madzi usiku umene sitima yawo yankhondo inaphulitsidwa ndi adani pakati pa nyanja, m'nyengo yozizira, ikuperekeza sitima za katundu zopita ku Ulaya. Anali mnyamata wosafika zaka makumi awiri. Mwa anthu onse odzaza sitima ija, amene anavuulidwa amoyo akanakwana patebulo limodzi. Chibwerereni kunkhondo, a Leander sanapondenso m'boti, ngakhale kuti kuno mwamuna wosapita kunyanja amaoneka ngati wopereweza. Anagwira ntchito yosesa ndi kusonkha moto pasukulu mpaka kupuma. Ankagona atavala, nsapato zili pafupi ndi bedi zingwe zitamasulidwa, ndipo chitseko cha kuchipinda chinkakhala chotsegula, atachitsekereza ndi njerwa, kaya kuzizire bwanji. Sitima ikaphulitsidwa zitseko zimapotoka, ndipo wogona m'chipinda chotseka amakhala wadzikumbira yekha manda. Malemu akazi awo, a Verna, anapirira mphepo ya pakhomo limenelo ukwati wawo wonse osadandaula.

Mayi Orpha Zinck, namfedwa wa nyumba yoyandikana nayo, anawapeza ataimabe pomwepo pamene ankawabweretsera buledi wotentha.

"A Leander, mwataya chiyani apa? Kapena mwayamba kuchapa zakale?"

"Sindinachape kanthu ine. Taigwirani."

Mayi Orpha anaigwira, n'kuika chala pa lilime. "Amchere awa. Am'nyanja enieni."

"Ndikudziwa," anatero a Leander motsitsa mawu. "Mwina abwera."

"Abwera ndani?"

A Leander anangotembenuka. Anatenga chopukutira pansi n'kuyamba kukolopa pang'onopang'ono, ngati akuopa kupweteka madziwo.

Pomafika madzulo nkhani inali itazungulira doko lonse, ndipo sinatuluke m'kamwa mwa mayi Orpha. Inatuluka m'kamwa mwa Darrell Mosher, mkamwini wa a Leander, wogulitsa galimoto zakale, munthu wa pakamwa potsekemera ngati akukufunira zabwino. Anakwatira Glenda, mwana yekhayo wa a Leander. Darrell ankaima pamalo omwera khofi n'kumapukusa mutu mwachisoni chabodza: "Apongozi anga mutu wayamba kusokonekera. Akumapita kugombe usiku kukanyika jekete ija, m'mawa n'kuiwala. Tikapanda kuwathandiza tidzawatola m'madzi." Anthu ankavomera ndi mitu. Palibe anafunsa kuti Darrell wadziwa bwanji za jekete asanaponde pakhomopo. Palibenso anafunsa kuti nkhalamba yosafika kugombe ngakhale masana ingatsikeko bwanji mumdima. Zimanditentha mpaka lero. Onsewo ankadziwa bwino kuti nyumba ya a Leander ili pamalo okwera oyang'ana doko lonse, pamene olemera a mumzinda wa Halifax ankaimika galimoto n'kumajambula, komanso kuti Darrell ankaiyang'ana nyumbayo ngati galu woyang'ana mbale ya mnzake.

Usiku wotsatira kunagwa chifunga chija chimameza nyali za pamsewu, ndipo lipenga lochenjeza maboti linkabuula kutali ngati ng'ombe yodwala. A Leander anali atagona, koma tulo palibe. Nyumba inali zii, kupatula wotchi ya pakhoma ndi madzi odontha kukhitchini, chifukwa jekete ija inali itanyowanso. Kenako phokoso linayamba, chapansipansi, pansi pa nyumba. Chitsulo chinkamenya chitsulo. Ngo. Ngo. Ngo. Linkabwera kudzera m'mapaipi otenthetsera nyumba, n'kukwera m'makoma mpaka kufika pachitsulo chotenthetsera cha pafupi ndi bedi. Linkayamba mwamphamvu, kenako n'kumafooka ngati dzanja la womenyayo likutopa, n'kusiya. Akati apume, linkayambanso.

Za jekete tonse tinkadziwa, koma za kugogoda m'doko muno simunamvekepo. Usiku wa ngozi ija, mbali ya kumbuyo ya sitima sinamire nthawi yomweyo. Inagudubuka n'kuyandama chafufumimba, muli anyamata a kuinjini, zitseko zitapotoka. A Leander ndi anzawo ochepa atagwirira chingwe cha kachoyandama kopulumukirapo pafupi pomwepo, ankamva anzawowo akumenya chitsulo ndi zipanala kuchokera m'kati. Mmodzi mwa iwo anali Alcide Surette, mnzawo wa pamtima, amene ankagawana naye fodya ndi sokosi. Kugogodako kunapitirira mpaka chitsulo chija chinalowa m'madzi, ndipo kunkamvekabe pang'ono chitalowa kale.

A Leander anadzambatuka, n'kutuluka panja opanda chipewa, akufuula mumdima: "Alcide! Alcide! Ndilibe chotsegulira, m'bale wanga!" Mayi Orpha anawapeza atagwada pa udzu wouma ndi chisanu, akunjenjemera, ndipo anawafunditsa chikhoti cha malemu amuna awo n'kuwalowetsa m'nyumba.

Kutacha Glenda anabwera ndi mwamuna wake. Anakhala pampando wa malemu mayi ake, chikwama chili pamiyendo, maso ali pansi.

"Bambo, simungapitirize chonchi. Ndalankhula ndi adokotala, abwera Lachisanu kudzakuonani."

"Kudzandiona kuti nditani?"

"Kuti mwina mukakhale kunyumba yosungirako okalamba. Kuli anamwino, kuli chakudya, kumatentha bwino."

"Kumene anakasiya mnzanga Murdock Eisnor? Ndinapitako ine. Usiku amatseka zitseko, mawindo satseguka. Ukufuna ukanditsekere, Glenda?"

"N'zokuthandizani, bambo," analowererapo Darrell, akusisita phewa la mkazi wake. "Ife sitikugona, tikungoganiza za inu."

"Iwe khala chete, ndikulankhula ndi mwana wanga. Mkamwini asamakule mwendo."

Darrell anaseka kaseko kake kaja. Glenda anayamba kulira mopanda phokoso, ndipo a Leander ataona misoziyo anafewa, chifukwa mwanayo ankamukonda kuposa mpweya wawo. Chaka chija anagona m'chipatala ndi chibayo, Glenda ndiye anawachezera osachoka pambali pa bedi, akuwapukuta thukuta. Anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Usalire. Mwina ukunena zoona. Mwina mutu wanga watha."

Mawu amenewo anafika kumalo omwera khofi dzuwa lisanalowe. Ena ankati nkhalambayo ikumacheza ndi mizimu. Ena ankati inasiya anzake akumira, ndiye abwera kudzaitenga. Anthu omwewo amene mwezi wa Meyi uliwonse amavala masuti n'kuima pachipilala chachikumbutso, belu likulira chifukwa cha sitima zomira, akugwira a Leander chanza n'kumati ndinu ngwazi yathu! Ngwazi ikayamba kufuula usiku, onse amaiona ngati katundu wofunika kuchotsa.

Usiku wa Lachitatu mphepo inatembenuka n'kuyamba kuwomba kuchokera kunyanja. A Leander, atatopa ndi kusagona, anangoti atseke maso pang'ono. Chimene chinawadzutsa si phokoso ayi, koma kusowa kwa mphepo ija inkawapeza kumapazi usiku uliwonse. M'chipinda munali mdima wa ndiweyani. Anatambasula dzanja kufunafuna kuwala kwa pakhonde, koma kunalibe. Chitseko chinali chotseka. Anachikankha, chinakana. Pomwepo kugogoda kunayamba pansi pa mapazi awo, ngo, ngo, ngo, ndipo mpweya unawathawa.

Zimene anachita sanazikumbuke bwino. Anamenya chitseko ndi zibakera, kenako ndi phewa, kenako ndi mpando, mpaka mtengo umene unatsekerezedwa kunja kwake unagwa. Anathamangira kukhitchini, n'kuterereka pa kadziwe kaja, n'kugwa chafufumimba, nkhope yonse m'madzi. Anakhala pansipo akupuma movutikira, madzi ali m'mphuno ndi m'kamwa. Anali madzi amchere, ozizira, onunkhira ndere za kugombe, oyera ngati amene ana amasambira m'chilimwe. Anawalawanso. Ananunkhiza manja awo. Ananunkhiza jekete. Mantha aja anayamba kutsika, ndipo m'malo mwake munakwera china chotentha, chimene sanachimve chichokereni kunkhondo.

M'bandakucha anagogoda kwa mayi Orpha, phewa litatupa, maso ali psuu.

"Orpha, si akufa amene akubwera kwanga kuja."

"Khalani pansi kaye, mumwe tiyi. Mwadziwa bwanji?"

"Madzi aja ndi oyera."

"Nanga madzi am'nyanja amakhala otani?"

"Ndi zimenezotu. Inu nonse amene simunaliko mumaganiza kuti munthu womira ndi sitima amafa m'madzi amchere. Bodza. Sitima ikang'ambika imasanza mafuta onse a m'mimba mwake, akuda, olemera ngati phula. Tinkasambira m'mafuta ife. Anali m'maso, m'makutu, m'mapapo. Otivuula ankalephera kutigwira, tinkaterera m'manja mwawo, sankadziwa kuti uyu ndi ndani, ankangoona maso. Ndinasanza mafuta mpaka nyengo yozizira inatha, ndipo mpaka lero ndikadwala chimfine ndimawamva kukhosi. Alcide atabwera, Orpha, nyumba yonse inganunkhe mafuta. Amene akubwera kwanga uja watunga madzi padoko ndi ndowa, ndipo nyanja amangoidziwa poiyang'ana pawindo la galimoto."

Mayi Orpha anaika kapu pansi. "Ndi Darrell, galu ameneyu! Tiyeni tikanene kupolisi."

"Akakhulupirira ndani? Nkhalamba yofuula usiku? Mawa adokotala abwera, ndipo ndikalowa kuja sindidzatulukanso. Mafuta aja amuna anu ankakhetsa mu injini ya boti, akadalipo m'shedi?"

"Chigubu chonse chilipo."

"Ndipatseni. Akufuna kukhala mzimu wa pasitima, avale yunifolomu yake."

Chipinda cha pansi pa nyumba, momwe muli chotenthetsera ndi mapaipi, chili ndi makomo awiri: lina la m'khitchini, lina la panja, la chitseko chogona chimene munthu amachitukula n'kutsika masitepe a miyala. Masana a Lachinayi a Leander anathira mafuta akuda aja pa masitepewo kuyambira lachiwiri mpaka pansi, otsala n'kuwakhuthulira pasimenti. Anachotsa babu. Madzulo anazimitsa nyali nthawi yawo ya masiku onse, n'kukhala pampando m'khitchini, mayi Orpha ali pambali pawo atadzifunditsa bulangeti.

"Nanga akapanda kubwera?" ananong'ona mayi Orpha.

"Abwera. Akufuna adokotala andipeze nditapenga mwatsopano."

Anadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi. Wotchi inkangoyenda. Mphepo inkaliza waya wa zovala panja. Kenako anamva galimoto ikukwera kamsewu pang'onopang'ono yopanda nyali, n'kuima chapatali, injini osazimitsa. Mapazi anaphwanya udzu wa chisanu, chogwirira cha ndowa chikulira pang'ono. Chitseko chogona chija chinalira kwiii. Phazi loyamba linaponda mwala. Lachiwiri silinapeze poponda. Kunamveka chiphokoso cha ndowa ikugubuduzika, chitsulo chikugwa pasimenti, thupi lolemera kuti khuu, kenako kukuwa kwa mwamuna wamkulu ngati nkhumba yogwidwa mwendo.

A Leander anatuluka mwachangu chimene mayi Orpha sankadziwa kuti akadali nacho. Anagwetsa chitseko chogona chija n'kupingasa chitsulo pa zogwirira zake. Atabwerera m'khitchini anakhoma loko wa khomo linalo, n'kukhalanso pampando.

"Thandizeni! Mwendo wanga! Tsegulani!" Mawu a Darrell ankamveka pansi pa mapazi awo. Ankayesa kukwawa n'kumaterereka. Kenako anapeza chipanala chake mumdimamo n'kuyamba kumenya paipi, osati mwaluso ngati masiku ena aja, koma mothamanga, mwamantha enieni.

"Mwamva, Orpha?" anatero a Leander. "Tsopano ndiye wakhoza. Ankamenya choncho poyamba."

"A Leander, tsegulani. Wathyoka munthuyu."

"Agogode kaye."

"Bambo! Bambo, chonde, muli mdima muno, sindikupuma!"

"Ndine bambo ako lero?" anakuwa a Leander akumenya pansi ndi chidendene. "Dzulo unanditsekera ngati mbuzi! Anyamata aja anali ana, iwe, ana a anthu, ena asanayambe n'kumeta komwe! Iwe n'kutenga imfa yawo kuisandutsa ng'oma yothamangitsira nkhalamba m'nyumba mwake? Menya! Menya mpaka dzanja litope, udziwe!"

Kumenyako kunapitirira, kenako kunayamba kufooka. Mayi Orpha anaona nkhope ya a Leander ikusintha mumdimamo. Nkhalambayo inapirira pang'ono, kenako inaimirira n'kutsegula loko. Munthu amene anamvapo phokoso limenelo likutha sangalimvere kawiri mpaka kumapeto.

Tochi itawala, pansi paja panagona chinthu chakuda bii kuyambira tsitsi mpaka nsapato, chonyezimira, maso okha ndiwo oyera. A Leander anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Za jekete aliyense amadziwa," anatero mawu ali pansi. "Za chitseko changa aliyense amadziwa. Za kugogoda wakuuza ndani?"

Darrell anangotseka maso. A Leander sanafunsenso. Nkhani imeneyo sanauzepo abusa, sanauzepo anzawo a kunkhondo, ngakhale a Verna anapita kumanda osaidziwa. Anaiuza munthu mmodzi yekha, m'chipatala muja, thupi likutentha, akuganiza kuti kwawo kwatha.

Anapatsa mayi Orpha tochi kuti aimbe foni yoitana ambulansi, iwo n'kutuluka. Anatsika kamsewu mpaka pagalimoto ija, imene inkapumabe utsi mumdima. Anagogoda pagalasi ndi chala chimodzi. Galasi linatsika pang'ono. Glenda anali pachiwongolero, manja onse awiri atachigwira.

"Mwamuna wako wathyoka mwendo. Ambulansi ikubwera."

"Bambo, ine ndimafuna mukhale pabwino. Mukanakana mpaka kufa. Darrell anati masiku ochepa chabe, kungoti adokotala aone..."

"Dzulo unali muno?"

Glenda anayang'ana kumbali.

"Ndikufunsa. Dzulo, pamene ndimamenya chitseko chija ndi mpando, ndikuitana mayi ako, unali muno m'galimoto?"

"Ndinatseka makutu, bambo."

"Ife sitinatseke," anatero a Leander. "Manja anali atagwira chingwe. Tinamvera mpaka kumapeto." Anaima pang'ono, mpweya ukutuluka ngati utsi. "Ndinakupatsa iwe wekha chinthu chimenecho, Glenda. Ndinalibe china cholemera choposa chimenecho choti ndikusiyire. Nyumba ukanangodikira, inali yako kale."

Anatembenuka n'kukwera kamsewu kaja osacheuka, Glenda akuitana kumbuyo.

Adokotala anabweradi Lachisanu. Anapeza mayi Orpha atakonzeka ndi nkhani yonse, ndowa ndi chipanala zili patebulo. Anamwa tiyi, anamanga phewa la a Leander, n'kumapita. A Leander anakana kukasuma. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo kumanga Darrell kukanakokera Glenda kukhoti. Kumalo omwera khofi kuja anthu anasintha nyimbo tsiku lomwelo, aliyense akuti iye ankamukayikira Darrell kuyambira kale. Sindinaone ngakhale mmodzi akukwera kamsewu kaja kukapepesa.

Loweruka madzulo mayi Orpha anathandiza kutsuka masitepe ndi utuchi ndi sopo mpaka fungo la mafuta litatheratu. Darrell anali m'chipatala mwendo uli m'mwamba, Glenda ali pambali pake. Atamaliza anakhala m'khitchini kumwa tiyi, kunja kukuda, jekete ili pamsomali yowuma gwaa. Mayi Orpha ndiwo anayamba kumva fungolo. Silinali la mafuta a injini ya boti aja. Linali lolemera, lozizira, lokanda kukhosi, ndipo silinkachokera pansi ayi. Linkalowa kudzera pakhomo la kunja. Kenako, chapatali kwambiri, ngati pansi pa doko penipeni, chitsulo chinamenya chitsulo pang'onopang'ono.

"A Leander," ananong'ona mayi Orpha. "Mukumva?"

A Leander sananjenjemere. Anaimirira, anatenga njerwa ija, n'kukatsekereza chitseko chakunja kuti chikhale chotsegula, mphepo yonse ya kunyanja n'kulowa m'nyumba.

"Pitani kwanu, Orpha, musaope," anatero akukokera mpando wina pafupi ndi mbaula. "Awa ndi anga. Awa sanayambe anditsekerapo chitseko."